Makalata opita kwa Bwanamkubwa ku Zomba: ankayenda bwanji, nanga a kuno ku Ntcheu ndi Dedza tingawapeze kuti?

Mphunzitsi wa ku Tsangano analemba:

Moni nonse akuluakulu. Ndikukonza phunziro la mbiri la ana a Fomu 3 pa nkhani ya mabungwe a eni dziko, aja ankalembera makalata boma la atsamunda kuyambira mu 1912 mpaka pamene Nyasaland African Congress inabadwa mu 1944. Mabuku a ana amangotchula mayina a mabungwe ndi zaka zake, kenaka n'kunena kuti ankapereka madandaulo a anthu ku boma. Basi. Mwana akafunsa kuti ankapereka bwanji, kwa yani, ndipo yankho linkabwera patapita nthawi yotani, buku limakhala duu.

China chondivuta n'chakuti ana ambiri amawaona anthu amenewa ngati amantha. Amati John Chilembwe ndiye anali mwamuna, enawa ankangopembedza mzungu ndi cholembera. Mtima wanga ukukana, koma ndilibe mfundo zokwanira zowayankhira.

Ndiye ndithandizeni amene mukudziwa. Kalata ikalembedwa, tinene pa Lizulu kapena pa Mtakataka, inkadutsa m'manja mwa yani kuti ikafike ku Zomba? Mkati mwake ankapemphamo chiyani kwenikweni? Nanga bwanji mabungwe onse oyamba ndi a kumpoto, kuno kwathu kunalibe olemba? Ngati makalatawo alipobe, munthu angawaone kuti?

ANgozo a pa Lizulu anayankha:

Aphunzitsi, mwafunsa bwino. Ndiyambe ndi njira ya kalata, chifukwa amene sadziwa njirayi amawaweruza molakwa anthu aja.

Kawirikawiri chinkapita ku boma si kalata ya munthu mmodzi ayi, koma maminitsi a msonkhano. Bungwe linkakumana mwina kawiri kapena katatu pa chaka, mlembi n'kulemba zokambirana m'Chingerezi, mfundo iliyonse ndi nambala yake: msonkho, sukulu, misika, milandu, misewu. Akamaliza ankakopera mwaukhondo, tcheyamani ndi mlembi n'kusayina, kope imodzi n'kutsala m'buku la bungwe. Inayo inkapita kwa mzungu wa pa boma. Dzina la udindo wa mzunguyu linasinthasintha ndipo muwauze ana, chifukwa limaphunzitsa kanthu. Poyamba ankatchedwa Collector, kutanthauza wotolera msonkho, kenaka Resident, ndipo pambuyo pake District Commissioner, DC amene tikumudziwayu.

Apa ndi pamene panali msampha woyamba. Bwana wa pa boma sankangotumiza pepalalo momwe lafikira. Ankalembanso yake kalata yoperekeza, kuyankha mfundo imodziimodzi, ndipo wa ku Zomba ankawerenga ziwirizo pamodzi. Bungwe likadandaula kuti amesenjala akugwira akazi a anthu amene sanakhome msonkho n'kuwasunga pa boma mpaka mwamuna abwere ndi ndalama, yemwe ankafotokozera Zomba ngati zimenezo n'zoona anali mwini wake wa amesenjalawo. Wodandaulidwa ndiye ankakhalanso mboni. Ndipo chida chimene maofesala ankachikonda kwambiri chinali kunena kuti olembawo ndi kagulu ka aphunzitsi ndi makalaliki, sakuyimira anthu a m'midzi. Mawu amenewo akalembedwa pamwamba, mfundo zonse za pansi zinkapepuka.

Kuyambira mu 1921, dziko litagawidwa m'zigawo, panawonjezeka khomo lina: bwana wa chigawo, Provincial Commissioner. Nayenso ankaikapo maganizo ake. Kuchoka apo ndiye kalata inkafika ku ofesi ya mlembi wamkulu wa boma ku Zomba. Kumeneko kalaliki ankaidinda tsiku lofikira, kuitsegulira failo ndi nambala, n'kumatako mapepala opanda kanthu oti akuluakulu azilembapo ndemanga. Failo inkakwera kuchokera kwa wamng'ono kupita kwa wamkulu, aliyense kulemba mizere ingapo, kusayina ndi zilembo zoyamba za dzina lake ndi tsiku. Mfundo ya fodya inkapita kwa a zaulimi, ya ndalama kwa msungichuma, ya lamulo kwa loya wa boma. Zikabwerera zonse, mlembi wamkulu ankalangiza Bwanamkubwa choyankha. Yankho linkatsika njira yomweyo, khomo ndi khomo, mpaka kwa bwana wa pa boma, amene nthawi zina ankangoitana atsogoleri n'kuwawerengera pakamwa.

Tsono werengani pochedwera. Maminitsi okhala ndi mfundo khumi ankamwazikana m'maofesi asanu, ndipo yankho linkadikira ofesi yochedwetsa kwambiri. Bwana wa pa boma akakhala ali pa ulendo woyendera midzi, pepala linkagona patebulo masabata. Makalata ambiri ankayenda ndi amtengatenga a miyendo, ndipo dzinja Linthipe kapena Livulezi zikadzaza, ankadikira madzi aphwe. Njanji yodutsa ku Golomoti ndi Mtakataka inafika mu 1935, mochedwa kale pa nkhani yathuyi. Choncho bungwe linkatha kufika pa msonkhano wotsatira lisanamve za woyamba, n'kulembanso mfundo zomwezo. Mukaona pempho limodzi likubwerezedwa chaka ndi chaka, musaganize kuti olembawo analibe nzeru zatsopano.

Ya ku London inali ndi lamulo lakelake. Aliyense anali ndi ufulu wolembera nduna yoona za maiko olamulidwa ndi Britain, ngakhale Mfumu ya ku England imene, koma kalatayo inkayenera kuperekedwa kwa Bwanamkubwa, yosamata, makope atatu. Iye ndiye ankaitumiza ndi kalata yake yofotokoza. Wolumpha Zomba n'kuponya yekha pa positi ankangotaya sitampa, chifukwa London inkabweza kalatayo kwa Bwanamkubwa yemweyo kuti anenepo zake. Ulendo wa pamadzi wokha, kudzera ku Chinde kapena ku Beira, unkadya mwezi ndi kupitirira mbali imodzi.

Ndipo kumbukirani kuti khomo lina kunalibe. Nyumba ya malamulo inakhazikitsidwa mu 1907 n'kuyamba kukumana mu 1908, koma munalibe munthu wakuda. Ankatiyankhulira ndi mmishonale wosankhidwa ndi Bwanamkubwa, woyamba Alexander Hetherwick wa ku Blantyre. Akuda oyamba analowamo mu 1949. Zaka makumi anayi zonsezo, pepala ndilo linali mpando wathu m'nyumba imeneyo.

NaMbewe wa ku Linthipe anayankha:

Zikomo aNgozo, njira mwailongosola. Ine ndigwire za mkati mwa makalatamo ndi funso la kuno kwathu, ndipo pena ndisiyana nanu pang'ono.

Zaka ndi izi, aphunzitsi. North Nyasa Native Association inayamba ku Karonga mu 1912, mlembi wake Levi Mumba. West Nyasa inatsatira mu 1914 ku Bandawe, Mombera ya Angoni a kwa M'mbelwa mu 1920, ya chigawo chakumwera mu 1923, ya chigawo chapakati ku Lilongwe mu 1927, ya ku Chiradzulu mu 1929. Mu 1924 Levi Mumba anakhazikitsa komiti ku Zomba yoyimira mabungwe a kumpoto. Imeneyi inali nzeru yakuya, pakuti ambiri mwa iwo anali makalaliki a boma, odziwa failo momwe imayendera kuchokera mkati, ndipo kukhala pa Zomba kunkafupikitsa njira ija aNgozo afotokoza.

Msonkho ndiwo unali mutu wosatha. Kuyambira mu 1902 msonkho wa nyumba unali masheleni 6, koma wogwira ntchito mwezi wathunthu kwa mzungu ankakhoma 3. Mu 1912 unakwera kufika 8, wogwira kwa mzungu 4. Apatseni ana manambala amenewa awaone okha: sunali msonkho chabe, unali chikwapu chokankhira anthu ku minda ya azungu. Kuchotserako kunathetsedwa mu 1921, msonkho n'kukhala masheleni 6 kwa onse. Pambali pa mtengo wake, makalata ankalira za katoleredwe: kukhometsa amayi amasiye ndi mbeta, akazi osiyidwa ndi amuna amene anachona ku Salisbury ndi Johannesburg, kugwira akazi chikole. Nkhondo ya 1914 mpaka 1918 itatha anawonjezapo za mtengatenga. Dziko laling'ono lino linapereka amuna pafupifupi 200,000 onyamula katundu wa asilikali, ambiri osabwerera, ndipo mabungwe ankafunsa kuti mphotho ya zimenezo ili kuti.

Chachiwiri chinali sukulu. Boma linkapereka mapaundi 1,000 okha pa chaka ku mamishoni onse pamodzi pamene linayamba kuthandiza maphunziro, ndipo nthambi ya zamaphunziro inadzakhazikitsidwa mu 1926. Mabungwe ankapempha sukulu za boma ndi maphunziro opitirira pulaimale. Sekondale yoyamba inatsegulidwa ku Blantyre mu 1940, ya Akatolika ku Zomba mu 1942, ndipo ya boma yeniyeni ndi yathu ya pa Dedza pano, mu 1951. Mwana wa Fomu 3 akamva kuti desiki akhalapoyo anthu anaipempha m'makalata zaka makumi awiri ndi kupitirira, mwina aleka kuwaseka.

Bungwe la chigawo chapakati, limene mmodzi wa oliyambitsa anali George Simeon Mwase, linali ndi fungo lina: la fodya wa chikopa. Native Tobacco Board inabwera mu 1926, n'kuyamba kulemba alimi m'kaundula, kudula msonkho pa fodya ndi kulamula misika yogulitsirako. Madandaulo a kuno anali a mitengo yotsika, misika yochepa ndi yakutali, mlimi kusenza mtolo tsiku lonse n'kukapeza wogula akuukana. Awa sanali maganizo a m'kalasi, anali a m'munda.

Nanga bwanji kuno tinachedwa? Zifukwa ndikuziona ziwiri. Boma linkafuna Chingerezi, ndipo Chingerezi cholembera boma chinkaphunzitsidwa ku Khondowe, kusukulu ya Livingstonia yomwe inatsegulidwa mu 1894, ndi ku Blantyre. Mamishoni a kuno, a Dutch ku Nkhoma ndi Mlanda, Akatolika ku Nzama, Mua ndi Bembeke, a Zambezi ku Dombole, a Baptist ku Gowa, mphamvu zawo anaziika pa sukulu za m'midzi za Chinyanja, ulimi ndi luso la manja. Owerenga analipo ambiri, koma olemba maminitsi a Chingerezi anali ochepa.

Chifukwa china ndi 1915. Musaiwale kuti kuwukira kwa Chilembwe kunali ndi mwendo wake ku Ntcheu. Filipo Chinyama, wa mpingo wosunga Sabata cha ku Dzunje, anagwirizana naye kuti athire nkhondo boma la Ntcheu, kumene bwana wake anali Claude Cardew. Zinalephereka, Chinyama anagwidwa n'kuphedwa, otsatira ake ambiri n'kumangidwa. Zitatero, munthu wophunzira wa ku Ntcheu akasonkhanitsa anzake kuti akambirane za boma, ankadziwa kuti maso ali pa iye. Koma mbewu siinafe: mwana wa Filipo, James Ralph Chinyama, mlimi wa fodya ku Lilongwe, anadzakhala pulezidenti wa Congress mu 1950.

Apa ndi pamene ndikusiyana ndi aNgozo pang'ono, pomati pepala lopita ku Zomba ndilo linali njira yokha. Panalinso nyuzipepala ndi makomishoni, ndipo mawu akuthwa kwambiri anadzera kumeneko. Chilembwe yemweyo, ana anu amuti mwamuna, anayamba ndi cholembera. Itachitika nkhondo ya ku Karonga mu September 1914, analembera Nyasaland Times kalata yofunsa chifukwa chimene amphawi opanda kanthu m'dziko lawo akufera nkhondo ya eni chuma, n'kusiya amasiye. Inatuluka mu November 1914, boma n'kulamula kuti ichotsedwe. Patangotha miyezi iwiri, pa 23 January 1915, anatenga njira inayo. Ndiye kusiyanitsa olemba ndi omenya n'kulakwa, poti munthu wake ndi mmodzi. M'mbuyomo mu 1899, mmishonale Joseph Booth anakonza pempho kwa Mfumukazi Victoria loti msonkho wonse uzipita ku maphunziro a anthu akuda ndi kuti dziko libwezedwe kwa eni ake pakatha zaka 21, ndipo anathawira ku Mozambique chifukwa cha pepala limenelo. Mlaliki Charles Domingo, amene analemba kuti boma, makampani ndi mamishoni ndi amodzi podyera anthu masuku pamutu, anachotsedwa kwawo mu 1916 chifukwa cha kalata.

Mukadziwa zimenezi ndiye mumvetsa chilankhulo cha mabungwe aja. Inde, amayamba ndi kulonjeza kukhulupirika kwa Mfumu ya ku England, n'kudzitcha antchito odzichepetsa, n'kunena kuti cholinga chawo n'kuthandiza boma kudziwa maganizo a anthu. Chimenecho chinali chishango. Ndi momwe munthu amalowera pabwalo la mfumu: umavula chipewa, kuomba m'manja, kutchula mfunda, kenaka n'kunena mawu ako onse osasiyako. Aphunzitseni ana kudumpha ndime yoyamba n'kuyang'ana yachitatu ndi yachinayi, ndi m'mene muli minga.

Ndipo komishoni yofufuza za kuwukira kuja, yomwe wapampando wake anali jaji Lyall Grant, inamva mboni zakuda mu 1915. Mmodzi anali M'busa Harry Kambwiri Matecheta, amene anatumikira zaka zambiri pa Nthumbi m'boma la Ntcheu lomweli. Mboni zimenezi zinanena poyera za thangata, za chikoti, za kulandidwa malo, ndi za lamulo losalembedwa loti wakuda avule chipewa akaona mzungu aliyense pamene mzunguyo sabweza ulemu. Ankanena zimenezi anzawo atangonyongedwa kumene. Ameneyo si wamantha.

Mphunzitsi wa ku Tsangano analembanso:

Mayi NaMbewe ndi bambo Ngozo, mwanditsegula m'maso. Za Filipo Chinyama ana a kuno ambiri sazidziwa n'komwe, chonsecho Dzunje akuliona ndi maso. Tsono latsala la malo. Ndikufuna ana aone pepala lenileni, ngakhale chithunzi chake, osati zongomva kwa ine. Ndikapita ku Zomba pa holide ndikayambire pati kuti ndisakangotaya ndalama ya minibasi?

APhiri a ku Bembeke anayankha:

Aphunzitsi, pitani ndithu, koma mudziwiretu zinthu zingapo.

Choyamba n'chowawa. Mu February 1919 ofesi ya mlembi wamkulu ku Zomba inapsa, ndipo mafailo ambiri a zaka za m'mbuyo anapsera momwemo. Choncho ku National Archives of Malawi mafailo a likulu amayamba bwinobwino mu 1919. Za m'mbuyo mwake zambiri zinapulumuka chifukwa makope ake anali atatumizidwa kale ku London, ndipo ali ku Kew, kumene boma la Britain limasunga zolemba zake zakale, pansi pa chizindikiro CO 525. Lamulo la makope atatu lija linkapweteka olemba, koma ndilo latisungira mawu awo. Za mabungwe a m'ma 1920 ndi 1930 ndiye muli ndi mwayi, zili ku Zomba konko.

Mafailo a likulu amayamba ndi chilembo S, ndipo ochuluka ndi a S1. Nambala yake imakhala patatu: S1, kenaka nambala ya failo, kenaka manambala awiri omaliza a chaka chimene inatsegulidwa. Chenjerani apa: chakacho n'chotsegulira, osati chotsekera. Failo yothera ndi 27 ikhoza kukhala ndi makalata a 1931 mkati. Ambiri amaphonya zinthu chifukwa chongoitanitsa za chaka chimene akufuna. Mafailo a m'zigawo ndi m'maboma amayamba ndi N, ndipo a chigawo chapakati ndi NC. Muitanitse mbali zonse ziwiri, chifukwa kalata imodzi imasiya mapazi pawiri: ku boma mumapeza pepala loyamba ndi zimene DC analemba, ku likulu mumapeza zimene anagamula.

Kalembedwe ka mayina ndiko kamasokoneza kwambiri. M'kaundula simupeza Ntcheu, mupeza Ncheu. Mtakataka amalembanso Ntakataka, Livulezi amalemba Livlezi, Mulanje ndi Mlanje, Mangochi ndi Fort Johnston, Nsanje ndi Port Herald, Mchinji ndi Fort Manning. Malire nawo ankasuntha. M'nthawi ya Chinyama, Ntcheu inali m'boma lotchedwa Upper Shire, pamene Dedza inali pamodzi ndi Lilongwe mu Central Angoniland. M'zaka za m'ma 1930 zigawo zinachepetsedwa kukhala ziwiri, ndiye za kuno mudzazipeza pansi pa Northern Province. Wofufuza amene sadziwa izi amabwerera n'kumati za kwathu kulibe.

Mitu yofufuzira musangodalira Native Associations. Yang'ananinso pansi pa Petitions, Hut Tax, Principal Headmen, Native Tobacco Board, Emigrant Labour, ndi mayina a mafumu: Gomani, Kachindamoto, Kachere, Kaphuka, Kasumbu, Njolomole, Kwataine. Madandaulo ambiri a kuno sanadzere m'bungwe koma mwa mafumu, pa misonkhano ya mafumu ndi DC, ndipo kalaliki wa mfumu kapena mphunzitsi wa mishoni ndiye ankagwira cholembera. Funsaninso mabuku a boma lililonse otchedwa District Book kapena Notebook, m'mene bwana aliyense ankalembera womulowa m'malo za mafumu, misonkho ndi anthu amene ankawaona ngati ovuta. Malipoti a pachaka a DC amakhalanso ndi ndime ya zandale.

Mukatsegula failo, musathamangire kalata yotayipidwa bwino. Yambani ndi mapepala a ndemanga omwe amakhala chakumaso, olembedwa pamanja. Ndi m'menemo momwe boma limalankhula momasuka, poganiza kuti wakuda sadzawerenga. H.E. ndi Bwanamkubwa, C.S. ndi mlembi wamkulu, P.C. ndi bwana wa chigawo. B.U. ndi tsiku pambali pake zikutanthauza kuti failo ibwerenso patebulo tsiku limenelo. P.A. ndiye kuti ikasungidwe, nkhani yatha. Dandaulo la anthu a boma lonse limatha kuthera pa zilembo ziwiri zimenezo. Ngati mukufuna phunziro logwira mtima, jambulani zinthu zitatu za nkhani imodzi: pempho, ndemanga za mkati, ndi yankho limene linatumizidwa. Lembani masiku atatuwo pa bolodi, ana awerengetsere okha miyezi, ndipo ayerekeze zimene azungu anauzana ndi zimene anauza olembawo. Kuti mudziwe amene akusayina, sungani mndandanda wa abwanamkubwa: George Smith kuyambira 1913 mpaka 1923, Charles Bowring 1924 mpaka 1929, Shenton Thomas mpaka 1932, Hubert Young mpaka 1934, kenaka Harold Kittermaster.

Za kakonzekeredwe: tengani kalata yochokera kwa ahedi yonena chimene mukufufuza, chitupa cha unzika, pensulo ndi kope. Funsiranitu za chilolezo, malipiro ndi lamulo la kujambula musananyamuke. Tsiku loyamba limathera m'makaundula, ndiye musakonze ulendo wa tsiku limodzi. Mukakhala ndi mpata, laibulale ya Society of Malawi ku Mandala mu Blantyre ili ndi mabuku ndi zithunzi zakale zothandiza.

ANgozo a pa Lizulu anawonjezera:

APhiri atchula mafumu, ndiye ndimalize mbali imeneyo, chifukwa kuno kwa Amaseko nkhani ya kusintha kayendetsedwe ka boma inali nkhani ya ufumu.

Atsamunda atapha Gomani woyamba mu 1896, anaphwanya ufumu wake. Lamulo la 1912, District Administration (Native) Ordinance, linabweretsa mafumu osankhidwa ndi boma otchedwa Principal Headmen, aliyense ndi chigawo chake. Ntchito yawo inali kuthandiza kutolera msonkho, kupeza anthu a ntchito, kusesa misewu ndi kukanena milandu ku boma. Khoti lovomerezeka analibe, thumba la ndalama analibe. Ndiye mapempho ambiri a Angoni, kuno ndi kwa M'mbelwa komwe, anali oti Inkosi ibwezeredwe ulemu wake pamwamba pa mafumu enawo. Kumpoto bungwe la Mombera linalimbikira zimenezi kuchokera pamene Inkosi yawo Chimtunga anachotsedwa mu 1915 chifukwa chokana kupereka amtengatenga. Kuno Philip Gomani analowa mu 1921, ndipo mphamvu zenizeni zinabwera ndi malamulo awiri a 1933, la Native Authority ndi la makhoti a mafumu.

Koma taonani mmene kupambanako kunatsekera khomo lina. Mafumu atapatsidwa mphamvu, boma linayamba kuuza mabungwe kuti madandaulo awo azidzera kwa mfumu. Njira ija inatalikanso ndi khomo limodzi, ndipo mfumu yolandira malipiro ku boma inkaganiza kawiri isanadinde pepala lodzudzula DC. N'chimodzi mwa zifukwa zimene mabungwe anaonera kuti kulemba payekhapayekha sikukuthandiza, mpaka kugwirizana mu 1944, Levi Mumba n'kukhala pulezidenti woyamba. Ngakhale zinali choncho, si mafumu onse anagonja. Gomani yemweyo anachotsedwa mu 1953 chifukwa chokana chitaganya.

Chomaliza aphunzitsi, Zomba si nkhokwe yokha. Ansembe a ku Mua, Bembeke ndi Nzama ankalemba buku la zochitika tsiku ndi tsiku, m'Chifalansa, ndipo amatchulamo za msonkho, mtengatenga ndi mikangano ya mafumu. Mipingo ya Mlanda, Gowa ndi Nthumbi ili ndi mabuku akale a bwalo la akulu a mpingo. M'midzi mulinso mabokosi achitsulo a agogo amene anali makalaliki a mafumu, aphunzitsi kapena machona obwerera. Atumeni ana akafunse mwaulemu, koma pepala lisachoke pakhomo la eni ake. Alijambule pomwepo, pamthunzi, litagona pa nsalu yoyera, mbali zonse ziwiri, chifukwa chidindo cha tsiku lolandirira ndi ndemanga ya bwana nthawi zambiri zimakhala kuseri kapena m'mphepete. Envulopu ijambulidwenso. Asamate ndi selotepi pong'ambika, asalikute ndi pulasitiki yowotcha ija, ndipo phini wadzimbiri amuchotse pang'onopang'ono. Akamaliza alembe m'kope mudzi, tsiku, ndi zimene mwini bokosi akukumbukira za wolembayo, kenaka alibweze m'bokosi pakati pa mapepala awiri oyera, kutali ndi khoma lachinyontho. Chifunga cha kuno ku mapiri chimadya inki msanga kuposa chiswe.